Kalata ya Che Binali

"Musandiwerengere zimenezo," anatero Sakina.

Che Suwedi, bambo ake aang'ono, anatseka kope koma chala chili mkati. Anali m'kachipinda ka wantchito kuseri kwa nyumba ya azungu ku Sandton, m'mene malemu Che Binali, bambo ake omubereka, anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudulira maluwa. Sakina anayenda masiku anayi pa lole kuchokera ku Machinga, n'kupeza bambo akewo ataikidwa kale. Chomwe anasiya ndi makope asanu ndi limodzi a mbiri ya Salimani wa ku Perisiya, swahaba, mmodzi wa anzake a Mtumiki.

"Mwana wanga, bambo ako anali munthu wophunzira. Joni yonse ikudziwa. Lachisanu lililonse ankatifotokozera za Salimani, mmene anasiyira kwawo kukafuna choonadi osabwererakonso. Eish, amuna akuluakulu ankalira."

"Ifenso tinkalira. Kungoti kunalibe wotiona."

Sakina anawayang'ana makopewo ndipo mtima unamuwawa. Zilembo zake zinali zokongola, zoima bwinobwino, za munthu wosathamangira kulikonse. Dzanja limeneli linalemba za mlendo wa zaka chikwi zapitazo mpaka inki kutha, koma kulembera mkazi wake mizere iwiri linkachita dzanzi.

"Ine ndabwerera chimodzi," anatero. "Amayi alowa edda, kubindikira kwa namfedwa. Miyezi inayi ndi masiku khumi ali m'nyumba, mvula yagwa, munda uli thengo. Akulira mwamuna amene nkhope yake anaiiwala. Shehe wakumudzi akuti pokhapokha patapezeka mboni yoti anawasudzula, apo ayi akhale. Mboni ndinu."

"Ukuti ndiname?"

"Ndikuti muwamasule. Abale anu anawamanga ali moyo, asawamangenso ali m'manda."

Che Suwedi anavula kofiya, n'kuyamba kuizunguza m'manja. Panja madamu ankaitana galu wawo ndi mawu okoma, okomadi kuposa amene Sakina anawamvapo kwa bambo ake.

"Kunama sindinama," anatero mkuluyo.

"Ndiye ndizipita. Makope anuwo muwasunge, muziwerengerana."

"Khala pansi. Ndati sindinama, chifukwa palibe chonamira."

Anagwada movutikira, n'kukoka sutikesi kunsi kwa bedi. Pansi pa mikanjo panali envulopu yofiirira ndi ukalamba. Inali ndi dzina la mayi ake a Sakina, Abiti Mbaraka, adiresi ya sukulu ya kumudzi, ndi sitampa yomata kale.

Sakina anaing'amba. Munali talaka, kalata ya chisudzulo, yolembedwa mwadongosolo lake lonse, pa 9 Malichi 1976. Mboni ziwiri zinasaina m'munsi. Dzina loyamba linali la Suwedi.

Anawerenga zakazo pa zala ngati mwana. Khumi ndi ziwiri. Anakumbukira mphunzitsi wa ku Ntaja amene anabwera katatu kudzafunsira mayi ake, munthu wofatsa wa njinga yakeyake, ndi mmene mayiwo anamubwezera ulendo wachitatu: ndine mkazi wa mwini, bambo, musandichimwitse.

"Munkadziwa," anatero, mawu atauma.

"Ankati atumiza akamaliza buku. Ankati talaka ndi chinthu cholemera, sichitumizidwa mtima uli pena. Ine ndine wamng'ono, ndikanatani?"

"Positi ofesi ili kuti?"

"Pakona pomwepa. Ankadutsapo popita ku mzikiti."

Sakina anafuna kulira koma misozi inakana. Zimene anadzera anazipeza: mayi ake atuluka m'nyumba, akalima. Koma akawauza bwanji kuti zaka zonsezi ankadikira munthu amene sanali mwamuna wawo?

Che Suwedi anatola envulopu yong'ambikayo pansi. Ngodya imodzi ya sitampa inali itamatuka.

"Chaka chilichonse ikamatuka ankaimatanso," anatero chapansipansi.

Ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuikanikiza bwinobwino mpaka inagwira.