Dothi la M'mapazi

Sutikesi itatseguka, Benson analumphila kumbuyo ngati waponda njoka.

Linali tsiku logawa zovala za mkulu wake Mateyo, amene anafa pa ngozi ya minibasi ku Nyimba, ndipo pabwalo panali podzaza. Koma m'sutikesimo munalibe malaya. Munali timabotolo, kalikonse kali ndi dothi ndiponso dzina la munthu wa m'mudzi momwemo.

Ezelina, mkazi wa malemu, anafinya mwana wake pacifuwa mpaka mwanayo analila. Ku Msanzala wotapa dothi pamene mnzake waponda amachedwa mfiti, ndipo nyumba ya mfiti, ikakhala yaudzu, sicedwa kuyaka.

"Mlamu, n'ciyani ici?" anafunsa Benson.

"Ndi nchito yake," anayankha Ezelina.

"Nchito? Ya masana kapena?"

Yvonne, mnzake wa Mateyo wa ku Lusaka, anaimilila pakati pa azimayi.

"Abale, tinali kugwila nchito limodzi. Ine ndinali kujambula mapazi a anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, iye anali kusunga dothi limene apondapo. Loweluka tikaonetsa ku Lusaka, m'nyumba ya zaluso, cithunzi pamwamba, botolo pansi."

"Mwamva?" anakuwa amai Perpetua, atanyamula kabotolo kamodzi. "Akagulitsa mapazi athu kwa azungu! Dzina ili ndi la Simon wanga, sabata yacitatu ino miyendo ili yotupa!"

Amuna anayamba kudzuka pamipando. Ezelina anayang'ana nkhope imodziimodzi. Mateyo ali moyo, ambili a iwo anabwela okha pabwalo lomweli, kuponda dothi uku akuseka, kumwa thobwa lake. Ngakhale Simon anabwela yekha. Lelo onse anali kuona pansi.

"Titaye m'cimbudzi msanga," ananong'ona Benson. "Iwe, mlamu, ukwele basi lelo lomwe."

"Ndipite kuti ndi mwana?" anatelo Ezelina. "Munda wanga uli pano."

Ezelina analanda kabotolo ka Simon, nakhuthulila dothi m'dzanja, nalinyambita lonse. Linalila m'mano.

"Ngati muli mankhwala, ayambe ine," anatelo. "Ndiyamwitsenso mwanayu muone?"

Palibe amene anakhala pansi.

Pamenepo a Stanislaus, nkhalamba imene inayenda pansi kucokela ku Tete, ku Mozambiki, anatsogola ndi ndodo yawo.

"Amai a ku Lusaka, dzina langa mulimo?"

"Mulibe, bambo."

"Mulibe ndithu. Ndinali ndi cilonda kuphazi. Mateyo anati tidikile cipole, nandinyamula panjinga kupita kucipatala ku Petauke kanayi." Anaceukila khamu. "Inu amene mwaiwala, iwalani. Ine ndabwela kudzaponda."

Anavula nsapato zawo zamatayala. Yvonne anatola botolo lopanda kanthu nagwada.

"Iyayi, mwanangu, simuyamba conco," anatelo a Stanislaus. "Mateyo anali kuyamba wamsambitsa munthu mapazi. Anali kunena kuti mapaziwo ayenda kutali."

Ezelina anabeleka mwana, nalowa m'nyumba kukatenga beseni.