Kamtanda Kofiira pa Nambala Seveni

Loko wa thilanki atakana kiyi kachiwiri, Onias anaitanitsa mwala.

"Pang'onopang'ono, alamu," anatero Loness ali pa mphasa, mpango wakuda kumutu. "Mwini wake sabweranso kudzakulandani."

Onias anamenya kamodzi, kawiri, loko n'kugwa. Anthu amene anadzaza pakhonde anatalikitsa makosi ngati nkhuku zaona lichero. Panali patangopita masiku atatu chimuikireni Shadreck Namakhwa, mwamuna wa Loness, kumanda a pa esiteti, ndipo Onias, mng'ono wa malemuyo, anali atalamula kuti zovala za malemu zigawidwe lero lomwe, Lachinayi, poti iye ntchito ikumudikira ku Mutare.

Mng'ono wake! Loness ankamuyang'ana ndi diso la m'mbali. Bambo wawo anali mmodzi, nkhalamba ya ku Mulanje imene inabwera wapansi kudzathyola tiyi kuno ku Honde, dziko la eni. Koma Onias anabadwa kwa mayi wa konkuno, wa ku Mandeya, ndipo atangolowa m'tauni anavula dzina la Namakhwa ngati nsapato yothina, kuopa kutchedwa Mubulandaya, dzina lonyozera obwera kuchokera kwawo kwa bambo akewo. Zaka khumi ndi chimodzi osaponda pa komboni. Lero ndiye watulukira, tayi m'khosi, mkazi wake Maidei pambuyo, ndi chimwana chawo chandevu, Tapera. Pakamwa pake panali mawu amodzi okha: tsika, tsika, tsika, mwambo wa kuchimayi kwake. Ndi tsika yomweyo imene anaponyera chitsononkho cha chimanga m'manda anthu onse akuona, akuti munthu wofa wopanda mwana amapita nacho kuti chikakhale mwana wake. Loness anachimva chitsononkhocho chikugunda bokosi. Sanalire, anangoluma mlomo.

Onias anatulutsa jekete la ku tchalitchi, mabuluku awiri, ndi ovolosi ya ku fakitale yoda bii ndi mwaye wa boyila. Maidei ankawaza chilichonse ndi madzi a mankhwala amene anali m'mbale. Kenako dzanja linatuluka ndi chinthu chobiriwira, china, chinanso.

"Hezvo! Kodi mkulu wanga anali ndi sitolo?"

Anali majezi a Masamba Awiri.

Pa komboni panalibe wosaidziwa timuyo. Anali ana a othyola tiyi, osakwana zaka khumi ndi zinayi, timiyendo ngati mapesi, ndipo dzina analitenga ku lamulo la akapitawo a m'munda lakuti masamba awiri ndi nsonga. Shadreck ndiye anaiyambitsa, ndiye anali kochi, ndiye ankasoka mpira ukaphulika. Ankati akaweruka ku boyila, mmalo molunjika kwawo ngati amuna anzake, iye ulendo ku bwalo kukathamanga ndi ana a eni mpaka dzuwa tswii. Ndipo ndi komweko kumene anagwa Lachisanu lapitalo, wezulo ali kukamwa, n'kukatsirizikira ku chipatala ku Hauna.

Loness timuyo ankaida, tisabise. Sanapondepo pa bwalolo ngakhale tsiku limodzi. Majeziwo atafika zaka zitatu zapitazo kuchokera kwa wansembe wina wa ku mishoni, iye ananeneratu kuti manja ake sadzawakhudza. "Ine ndichape thukuta la ana a eni? Amayi awo anaduka manja?" Shadreck ankangoseka kaphwete n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. "Ndiye pitani mukadye kwa amayi awo," Loness ankayankha, n'kumuvundikirira ndiwo.

Pagulu paja panadzuka Joachim, kalaliki wa pa sikelo ya tiyi, amene ankathandizana ndi Shadreck pa timu. Munthu wamantha, woti ngakhale mbuzi ikamuyang'ana amapepesa. Ananjuta, kuwomba m'manja katatu.

"Pepani, abambo. Majeziwo ndi a ana. Mkuja, Loweruka, tili ndi fainolo ya chikho ku Hauna. A ligi ananenetsa kuti timu yopanda majezi a manambala siilowa m'bwalo. Ndiye kuti chikho chingopita kwa anzathuwo osatuluka ndi thukuta lomwe. Chaka chonse anawa..."

"Iwe ndiwe ndani pamaliro pano?" Onias anamudula. "Chilichonse chotuluka m'bokosi la wakufa ndi nhumbi, zovala za malemu, ndipo nhumbi zimapita kwa abale a magazi. Akanakhala ndi ana mkulu wangayu, tikanayamba ndi ana. Koma munaona nokha chimene tinaika m'manda."

Joachim anabwerera pansi ngati thumba lopanda kanthu. Amene anadzambatuka anali Otilia, mayi wa goloboyi, chitenje atamangira m'chiuno.

"Zaka zitatu ndikuchapa majezi amenewo ine! Inu munali kuti? Mwana wanga sakugona, akungolota Loweruka. Mai Namakhwa, lankhulanitu, ndi nyumba yanu ino!"

Maso onse anatembenukira kwa Loness. Iye anamuyang'ana Otilia kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Asa! Si Otilia yemweyu amene anabwera pakhomo pano ndi mthiko m'manja, kudzatukwana Shadreck chifukwa mwana wake anamukhazika pa benchi? Makolo onsewa ndi amodzimodzi. Timu ikawina, ana awo ndi akatswiri. Ikaluza, kochi ndi chitsiru. Ukawapempha nthochi zoti ana adye pa ulendo, onse ndi agonthi. Lero mwamuna wake wafa, iwo akulira majezi.

"Atenge," anatero Loness. "Andichotsere fungo m'nyumba."

Otilia anagwira pakamwa. Onias anamwetulira, n'kuyamba kugawa.

Mwa tsika yakeyo, aliyense wotchulidwa dzina ankayenera kuvala chovalacho pomwepo. Tapera analandira nambala naini. Anailowetsa mokakamiza, jezi ya mwana wa sitandade sikisi pa mimba ya munthu wodziwa mowa, ulusi ukulira m'khwapa. Asuweni awiri a ku Mandeya, amene Shadreck akanakumana nawo pamsewu sakanawadziwa, anavala imodzi imodzi. Onias anadzisankhira nambala teni n'kuivala pamwamba pa shati ndi tayi, chifuwa atatukula ngati tambala. Anyamata eni ake anali kusukulu nthawi imeneyo, osadziwa kuti fainolo yawo ikutha pakhonde.

"Maiguru, kuti musadzanene kuti tinakumanani," anatero Onias, kumuitana mlamu wakeyo m'chinenero cha kuchimayi kwake, n'kuponya jezi imodzi pamiyendo pa Loness.

Loness anainyamula ndi zala ziwiri kuti aitaye kumbali. Chala chake chinakhudza nambala ya kumsana. Nsalu ya nambalayo inali yosiyana ndi ya jezi, yoyera, yamanyunyu ngati thaulo, yosokeredwa ndi misoko ikuluikulu yokhota ngati ya munthu wozolowera kusoka masaka. Inali nambala seveni. Kumchira kwa seveniyo, pakona, panali kamtanda kakang'ono ka ulusi wofiira.

Phokoso la pakhonde linamutalikira.

Kamtandako anakasoka ndi iye mwini, mu 1983. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri pamene anakwera basi kupita ku Mutare kukagula matewera asanu ndi limodzi. Pobwera anasoka kamtanda kofiira pakona pa lililonse, kuti asadzasokonezeke ndi a anzake pa chingwe choyanikira cha pa komboni. Mwanayo anabwera mwezi wotsatira, koma sanalire. Anali mtayo. Amayi achikulire anakamuika ku dambo mwakachetechete, monga mwa mwambo wa kwawo, wopanda dzina, wopanda maliro, popanda mwamuna aliyense. Mimba ina sinabwerenso. Loness anamanga matewerawo pamodzi n'kumupatsa Shadreck. "Kaponyeni m'boyila. Ndisadzawaonenso." Shadreck anawalandira n'kutuluka nawo. Mawa lake madzulo, Loness ali chigonere, anamva wezulo akulira ku bwalo ndi ana akukuwa. Mwana wake ali m'matope a ku dambo, bambo wake akuthamangitsa mpira wa mapepala! Kuyambira tsiku limenelo mtima wake unatseka chitseko, ndipo zaka zisanu ndi zitatu sanatsegule.

Kodi si paja majezi aja anabwera opanda manambala? Kodi si paja Shadreck anakhala sabata ziwiri akubwera zala zili zilondazilonda, n'kumati zamulasa ndi singano za masaka a tiyi?

Loness anaimirira. Mawu anatuluka owuma.

"Vulani."

"Mwati chiyani, maiguru?"

"Ndati vulani. Nonse." Anakweza jeziyo, nambala ataloza kwa anthu. "Mukuiona nsalu iyi? Ndi thewera. Langa. Ndinagula ndekha, kamtanda aka ndinasoka ndekha. Ndi la mwana wanga uja amayi ali apawa anakamuika ku dambo. Manambala onsewo ndi matewera ake." Anatembenukira kwa Onias. "Inuyo alamu, odziwa tsika kuposa tonse, tandiphunzitsani. Katundu wa mkazi wamoyo amagawidwa pa maliro a mwamuna? Nanga chovala cha mtayo amavala ndani?"



"Maiwe-e!" Maidei anataya mbale ya mankhwala. "Ngozi! Mzimu wa mtayo! Tapera, bvisa! Vula msanga, ufuna kundifera?"

Zimene zinachitika pamenepo anthu a pa komboni amazisimbabe. Asuweni a ku Mandeya anavula ngati mwalowa linthumbu. Onias anakoka yake, tayi n'kukodwa m'khosi mwa jezi, munthu wamkulu n'kumazungulira pakhonde akudzipotokola yekha. Tapera ndiye zinamuvuta zedi. Jezi inakakamira m'mapewa, mutu uli m'kati, mimba ili pamtunda, iye akubuula kuti china chake chikumugwira. Otilia ndiye anamukoka, ndipo sanamukoke mwachifundo.

"Ukang'amba, undidziwa," anatero Otilia.

Onias atamasuka anatola mbale ija n'kupukuta manja ndi timadzi totsalamo. Thukuta linali kamukamu.

"Maiguru, ife sitinadziwe."

"Mukanadziwira kuti? Ku Mutare?" anatero Loness. "Jekete ilo tengani, ndi la mkulu wanu. Ovolosi musiye, simungaithe. Basi ya thuu koloko siidikira munthu."

Sanadikire n'chakudya chomwe. Anatsetsereka njira ya pakati pa tiyi, Onias patsogolo jekete lili kukhwapa, Maidei akumuwaza Tapera ndi masamba kumsana.

Joachim anasonkhanitsa majezi aja, n'kuwerenga kawiri. Onse khumi ndi limodzi analipo. Ananjutanso kuti ayambe kuthokoza.

"Musandithokoze ine," anatero Loness. "Ndipo dzukani, mwamuna wamkulu kumangogwada paliponse. Mukakaluza Loweruka musadzadutse pakhomo pano."

"Bweretsani ndikachape," anatero Otilia, mawu atatsika. "Avala anthu osadziwika."

"Siyani. Ndichapa ndekha."

 Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi.

Loness anatunga madzi m'beseni, n'kuikamo majezi aja imodzi imodzi. Timitanda tofiira anatipeza tisanu: pa seveni, pa thuu, pa folo, pa naini, ndi pa wani wa goloboyi. Anapita kukatseka thilanki ija, imene inali yasaa pakhonde. Pansi pake panali poyalidwa nyuzipepala yakale, ndipo pakona imodzi inali yotukuka. Anaikweza.

Thewera lachisanu ndi chimodzi linali pamenepo, lathunthu, losadulidwa, lopindidwa kanayi. Analifunyulula. Pakati pake, ndi misoko yokhota yomwe ija ya masaka, panali zilembo zinayi: NOWA. Ndilo dzina limene Shadreck ankalitchula akusisita mimba yake chaka chija, iye n'kumamuseka kuti dzina la nkhalamba. Mwambo unati mwanayo alibe dzina, ndipo Loness sanalimvenso likutuluka pakamwa pa mwamuna wake.

"Chitsononkho," anatero Loness yekhayekha. "Akuti chitsononkho."

M'mapindo mwa theweralo munali madindo a zala za mwaye wa boyila, ena ofufuma akalekale, ena akuda bii ngati a sabata yatha. Loness anakhala pansi, n'kulipinda mmene analipezera, kanayi, kutsata mizere ya mwini wake. Limenelo sanaliike m'madzi.