Gudumu la Paliwombo

Chipeso chinagwa m'manja mwa achemwali anga ali pakati poluka mayi wina wogwira ntchito ku banki. Anagwira pachifuwa, n'kutsamira mpando, thukuta lili kamukamu pachipumi. Ine ndinasiya kasitomala wanga thovu lili m'mutu, n'kuthamangira komweko. Koma nditawayang'ana kumaso ndinapeza akumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wangouzidwa kuti mwana wake wakhoza mayeso.

"Lafika pamtima, Mzime," anandinong'oneza. "Gudumu lachinayi latseguka."

Anatola chipeso chija, kuchipukuta pa epuloni, n'kupitiriza kuluka ngati palibe chachitika. Ine madzi amene ndinatsukira mutu wa kasitomala uja sindikudziwa ngati anali otentha kapena ozizira.

Saluniyo inali yathu tonse awiri: kachipinda ka mipando itatu ndi galasi limodzi lalitali, kopanikizika pakati pa wokonza mafoni ndi sitolo ya nsapato. Iwo ndi oyamba kubadwa, ine ndi wotsiriza, ndipo dzina la Mzime linandikanirira ngakhale ndinali ndi ana anga kale. Kuluka ndi ntchito ya choimirira, ndipo aliyense woluka msana umamudandaula. Wawo unayamba kuwawa pansi penipeni, pamene munthu amakhalira. Kasitomala wina ndiye anawauza za yoga, kuti pamwamba pa sitolo ya utoto pali chipinda chimene mayi wina amaphunzitsiramo kudziwongola ndi kupuma. Mayiyo anthu ankangomutchula kuti Mayi Mphasa, poti aliyense ankapita kumeneko atakwapatira kamphasa kake ka labala.

Ndinawaseka, sindibisa. Ndinawafunsa ngati munthu wamkulu wa mano ake angakwere masitepe kukaphunzira kupuma, chinthu chimene ngakhale khanda limabadwa likuchidziwa. Koma poyamba zinawathandizadi. Ankabwera ataongoka, tulo ankagona, ndipo mkwiyo wawo uja wa m'mawa, umene tonse tinkauthawa, unazilala.

Kenako anabwera ndi nkhani ya machakira. Anandifotokozera akusesa tsitsi pansi kuti mawuwo amatanthauza magudumu, ndipo kuti a yoga amati m'thupi mwa munthu alimo asanu ndi awiri, ondandana motsata msana. Loyamba lili pansi pa msana, lachiwiri m'munsi mwa mchombo, lachitatu pamimba, kenako pamtima, pakhosi, pakati pa nsidze, ndipo lomaliza lili paliwombo. Anati munthu akamapinda thupi ndi kupuma moyenera, mphamvu imene imagona pansi pa msana imadzuka n'kuyamba kukwera, kutsegula gudumu ndi gudumu. Anawonjezera, maso ali ku tsache, kuti kutsegukako kumabwera ndi kutentha komanso ululu.

Ululu wawo unakweradi, ndipo uku ndiko kunali kuopsa kwake. Utachoka pansi pa msana n'kufika m'chiuno, anasangalala kuti lachiwiri latseguka. Pamene chakudya chinayamba kuwakana, anati ndi moto wa gudumu lachitatu ukupsereza zoipa za m'thupi. Masiketi anayamba kuwagwa, n'kumawamanga ndi pini m'mbali. Makasitomala ndiye ankawayamikira, abale inu, kufunsa kuti mankhwala ake ochepetsera thupi ndi ati. Ine ndinkangoyang'ana mikono ija ikuonda pamwamba pa mitu ya anthu.

Madzulo a tsiku limene anagwetsa chipeso ndinawauza mosapita m'mbali kuti tipite kuchipatala. Anandiyang'ana m'galasi, osatembenuka.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwe wamva chiyani?"

Kwathu mkulu akatseka nkhani ndiye kuti yatsekeka, ndipo awa anali mkulu amene anandilera amayi atamwalira.

Panapita milungu, mawu awo anayamba kusasa. Lamlungu lina masana tinatseka saluni kuti tikonzane tsitsi tokhatokha, monga tinkachitira nthawi zonse. Anakhala pampando wotsukira, mutu atagonekera chagada m'beseni, maso atatsinzina. Khosi la achemwali anga ndinkalidziwa kuposa langa lomwe, poti ndinalipukuta kambirimbiri. Pamene ndinkawakulunga thaulo, zala zanga zinagunda timiyala tiwiri pamwamba pa fupa la paphewa, tolimba, tosasuntha. Ndinachita mantha enieni.

Iwo anagwira dzanja langa, n'kulibwezera pomwepo mwachikondi. Anati ndisaope, limenelo ndi lachisanu, la pakhosi, ndipo n'chifukwa chake mawu akusintha. Anati atsala awiri okha.

Mantha anga anasanduka ukali, poti ine ndi mmene ndinabadwira. Ndinati mayi ameneyu, wa timphasa ameneyu, andiona. Lachiwiri masana achemwali anakwapatira mphasa yawo n'kutuluka monga mwa masiku onse. Ndinadikira pang'ono, ndinatseka saluni, n'kuwatsata m'mbuyo, mawu onse oti ndikalankhule nditawanola kale. Ndinawaona akukhotera kuseri kwa sitolo ya utoto ija, ine n'kuima panja mpaka phunziro litatsala pang'ono kutha.

Masitepe ake anali kuseri kwa sitolo, opapatiza, onunkha utoto. Pamwamba ndinapeza nsapato zitandandalikidwa pakhomo. Ndinakankha chitseko osagogoda, n'kuima chilili. Anthu onse anali atagona chagada pansi, miyendo atatambasula, zikhatho zikuyang'ana kumwamba, maso ali tsinzinu. Munalibe ndi mmodzi yemwe wogwedezeka. Pambuyo pake ndinamva kuti kagonedwe kameneko ndi kotsekera phunziro, ndipo eni ake amakatchula kuti kagonedwe ka mtembo. Ndinayenda ndi maso pa mapazi onse aja, kufunafuna a achemwali anga, koma panalibe.

Mayi Mphasa anadzuka pakona n'kundikodola kuti tituluke. Ndinkayembekezera chimayi cha mikanda ndi maso oopsa, koma anali kamayi kochepa thupi, ka imvi zometa, kovala juzi yakutha m'zigongono. Pakhonde paja ndinawakhuthulira zonse. Ndinati akupha munthu ndi magudumu awo, ndinati ngati achemwali anga afa maliro ake adzagona m'chipinda momwemo, ndi zina zimene sindingazibwereze. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Ndinu mng'ono wawo wa a saluni aja," anatero. "Akulu anuwo sanalowe muno chiyambire nyengo yozizira. Ndinawaletsa ndine."

Anandifotokozera kuti tsiku lina ankawaongola pamene ankapotola thupi, dzanja limodzi paphewa, lina m'nthiti, monga amachitira ndi aliyense. Dzanjalo linagunda chotupa cholimba m'munsi mwa khwapa. Anthu atapita anawatsalitsa, n'kuwauza kuti asadzapondenso pamphasa m'chipinda mwawo asanaonane ndi dokotala. Anadzipereka ngakhale kuwaperekeza.

"Nanga za magudumuzi?" ndinafunsa.

"Ndimaphunzitsa, inde. Ndi malo oikapo maganizo munthu akamapuma, kuti mtima usamayendeyende. Ena amakhulupirira kuti alimodi m'thupi, ena ayi, ine sindikangana nawo. Koma kuti ululu ndi mphamvu ikukwera, zimenezo sizinatuluke pakamwa panga. Pano munthu akamva kuwawa ndimamuuza kuti asiye."

Ndinafunsa chimene achemwali anayankha tsikulo. Mayiyo anayang'ana pansi, n'kunena kuti anangoti amayi awo analowa pakhomo la chipatala akuyenda okha, koma potuluka anachita kunyamulidwa. Amayi athu anamwalira ndi khansa ya m'bere, imene inadzalowa m'mafupa. Ine nthawi imeneyo ndinali ku sukulu yogonera komweko, ndipo anandibisira mpaka tsiku lomaliza. Amene anagona pansi pa bedi lawo m'chipatala miyezi yonse ija anali achemwali.

Ndinati nanga amapita kuti ndi mphasa yawo, poti ndawaona ndi maso anga akukhotera kuseri kwa sitolo ino. Mayi Mphasa analoza pansi ndi chala. Anati pansi pa masitepe pali kachipinda kosungiramo zitini za utoto, ndipo mwini sitolo amawalola kulowamo chifukwa mkazi wake amalukitsa kwathu. Denga lake ndi la matabwa, mawu a pamwamba amamveka bwinobwino. Anati anatsikako kangapo kukawachonderera, koma ankapeza chitseko chokhoma. Nkhaniyo anailemera nayo, koma sankadziwa ngati n'koyenera kuti aulule za thupi la munthu kwa abale ake.

Tsiku limenelo chitseko sichinali chokhoma. Munali kamdima, kuwala kukungolowera pa kazenera kafumbi. Zitini zinali zitasanjikizana mpaka kudenga, ndipo pakati pake, pa kampata kongokwana munthu mmodzi, achemwali anga anali atagona chagada, zikhatho zili m'mwamba. Ndinaima pakhomo kuyang'anitsitsa chifuwa chawo. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji chisanakwere, koma ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene ndikawauzire ana anga.

Anatsegula maso, ndipo sanadabwe kundiona. Ndinakhala pa chitini china pafupi ndi mutu wawo. Pamwamba pathu anthu anali atayamba kudzuka, matabwa akulira ndi mapazi.

"Mukudziwa, eti?" ndinatero.

Anayankha ndi mawu awo osasa aja. "Amayi ndinawasambitsa ndine, Mzime. Njira yake ndikuidziwa yonse, poyambira ndi pothera. Koma amayi m'mawa uliwonse ankawerenga zimene zafa m'thupi mwawo. Lero mwendo, mawa chiuno. Ine ndinati sindiwerenga choncho. Ine ndiziwerenga zimene zatseguka."

Ndinalira. Ndinafuna kuwagwedeza, kuwatukwana, kuwanyamula pamsana ngati mwana. Ndinawauza kuti mankhwala a masiku ano si a nthawi ya amayi, kuti alipo anthu amene amadwala matenda omwewo n'kumabwera kudzalukitsa tsitsi likameranso. Anangomwetulira, kumwetulira kuja kumene ndinali nditayamba kudana nako. Pamenepo ndinapukuta misozi, ukali wanga uja utabwerera, koma wozizira.

"Chabwino," ndinatero. "Ndiye mundiphunzitse kasambitsidwe kake, poti ine ndinali kusukulu. Mumayambira kumutu kapena kumapazi? Madzi ake amakhala otentha bwanji? Mundiuze muli ndi mawu, ndisadzalakwitse."

Kumwetulira kuja kunazima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankandiyang'anira ndili mwana ndikadwala malungo. Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse, ndipo ndinadabwa ndi kupepuka kwawo. Mphasa anaipinda okha, pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndikauze makasitomala a mawa kuti saluni sitsegula.

Kuchipatala anatiyendetsa m'zipinda zambiri, kutenga magazi, kubaya chotupa chija, kujambula. Tsiku lokamva zotsatira tinalowa kwa dokotala wina wachizimayi, wa magalasi okhuthala, amene anatipatsa moni kawiri ngati waiwala kuti watipatsa kale. Anatembenuza kompyuta yake kuti tonse tione. Panali chithunzi cha msana wa achemwali anga, woyera pa mdima, ndipo pa mafupawo panali timadontho. Timadonthoto sitinali pamzere ayi. Tinali tomwazika paliponse, m'chiuno, m'nthiti, paphewa, ngati mchere wotayikira patebulo.

Dokotala anayamba kufotokoza zimene zingatheke, za mankhwala ochepetsa ululu ndi ena obweza matendawo kuti asathamange. Ine ndinkamvetsera ndi makutu onse awiri, kugwira mawu alionse. Achemwali sankamva n'komwe. Anali atasendera kutsogolo, chala chawo chikuyenda pagalasi la kompyuta kuchokera pansi. Ankadumpha timadontho tambirimbiri, n'kumasankha tokhato timene tinali pafupi ndi pakati, milomo ikugwedezeka. Chalacho chinakwera mpaka pakhosi, pamene chithunzicho chinathera, n'kuima pa pulasitiki wakuda wa m'mphepete.

"Adokotala," anatero, "kumutuku simunajambule?"

Dokotala anavula magalasi. Anati zimenezo anafuna azinene pomaliza, kuti akufuna ajambulenso mutu mawa lomwelo, ndipo anafunsa ngati mutu umawapweteka kapena ngati maso amachita chidima nthawi zina.

Achemwali anakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kuliika pamwamba pa mutu wawo, pakati pa mizere imene ndinawaluka ndekha. Zala zawo zinayamba kupapasa pamenepo mofatsa, monga mayi amapapasira liwombo la khanda kuti amve ngati likugunda.