Dzanja la Kumanzere Kwanga

Mu mpira wa ku America, ntchito yathu anthu a pamzere ndi yosasiririka. Timakhala asanu, zimphona zokhazokha, titawerama kutchinga woponya mpira kuti adani asamukhudze, ndipo dzina lako limamveka pa zokuzira mawu pokhapokha ukalakwitsa. Ine ndine Dorsey Mabry, wachiwiri kuchokera kumanzere. Kwa zaka zisanu ndi zitatu, kumapeto kwa mzere, kumanzere kwanga, kunkakhala Orval Gaskins.

Tikapita kukasewera kwa eni bwalo, phokoso la ochemerera limagonthetsa m'khutu moti sumva woponya mpira akamaitana. Ndiye ine ndi Orval tinkagwirana manja. Ine maso pa mpira, iye maso pa mdani. Mpira ukangosuntha ndinkataya dzanja lake, iye n'kudzambatuka. Wofuna kuseka aseke, koma dzanja limenelo ndinkalidziwa kuposa la mkazi wanga. Chala chake chaching'ono chinathyoka kalekale n'kupola mokhota, ndipo tikangogwirana ankandikanda nacho kawiri pachikhatho.

Lamlungu lina mu Disembala, Orval anagwa osadzukanso. Anavulala khosi. Anamutulutsa pa machira, ndipo sabata yonse anali gone m'chipatala, makina akumupumira.

Malo ake anapatsidwa Lemuel Tisdale, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Zaka zisanu ndi chimodzi akutenthetsa benchi m'matimu anayi, osayambapo masewero ngakhale kamodzi. Kochi Hruska, mphunzitsi wathu wa pamzere, sanamubisire mawu.

"Tisdale, mwayi wako ndi womwewu. Ukauphonya, Lachiwiri udzalongedze. Kuli anthu khumi akudikira foni yanga."

"Ndamva, Kochi."

Masewero otsatira anali a koyenda, kumpoto, kozizira koopsa. M'mawa mwake ndinamupeza Lemuel m'chipinda chovalira akusanza mu ndowa.

"Aise, mazira onse a timu wabweza? Usandigwiretu ndi manja amenewo."

"Musandiseke, akulu," anatero akupukuta kukamwa. "Mayi anga akwera basi masiku awiri kuchokera ku Mississippi. Inu mungonditaya dzanja pa nthawi yake, zinazo ndiona ndekha."

Tinalowa m'bwalo dzuwa lili paliwombo, lowala koma losatentha. Anthu zikwi makumi asanu ndi awiri ankakuwa ngati tinawabera. Tinawerama, ndinatambasula dzanja kumanzere, iye analigwira. Kenaka, mkati mwa golovesi, chala chokhota chinandikanda kawiri.

Lemuel sindinamuuzepo za kukandako, ndipo zala zake ndinali nditaziona ndekha pamene ankazikulunga tepi: zowongoka zonse. Mpira unasuntha, ndinataya dzanjalo, ndipo zimene ndinaona sindidzaiwala. Patsogolo pake panali Treadwell, chilombo chimene chinali chitagwetsa oponya mpira kakhumi ndi kawiri chaka chimenecho. Lemuel anamulandira ndi manja awiri pachifuwa, n'kumukankhira kunja, n'kumukhazika pansi. Kenaka anamuweramira, nalavula pambali, nati, "Pita ukanene kwa amako."

Amenewo anali mawu a Orval. Lemuel, munthu wa kutchalitchi, sankatha kutukwana ngakhale galu.

Zinapitirira choncho mpaka nthawi yopumulira. Kochi ankamumenya paphewa mosangalala, akuti, "Unali kuti zaka zonsezi iwe?" Lemuel anakhala pa mpando atavula magolovesi, akuyang'ana zikhatho zake. Nditakhala pambali pake anandinong'oneza.

"Akulu, tayamba kale kodi?"

"Ukuti chiyani iwe? Tamaliza theka."

"Ndikukumbuka nyimbo ya fuko. Ndikukumbuka mukundipatsa dzanja. Basi."

Ndinayenera kuitana dokotala, ndikudziwa. Koma dokotala akanamutulutsa, ndipo mwayi wake ukanathera pomwepo. Ndinangoti, "Ukusewera bwino, imwa madzi." Ndinkaopa, ndipo ndinkachitanso manyazi, chifukwa mbali ina ya mtima wanga inkasangalala kuti mnzanga wabwerera.

Theka lachiwiri dzanjalo linayamba kuzizira. Kunja kunkazizira inde, koma ife timatuluka thukuta ngakhale pa chipale, ndipo uku kunali kuzizira kwina, kolowa m'mafupa. Linayambanso kukakamira. Ndikati nditaye, linkandigwira kaye pang'ono lisanandisiye.

Kutatsala mphindi imodzi tinali kumbuyo ndi mapointi anayi, mzere wogoletsera uli pafupi, titatsala ndi mipata iwiri yokha yoyesera kugoletsa. Tinawerama. Chala chinakanda kawiri. Ndiyeno m'phokoso lonse lija, mmene munthu sungamve ngakhale kupuma kwako, ndinamva mawu otsika, omveka bwino, pafupi ndi khutu langa.

"Usanditaye, Mabry."

Pa timu yonse ndi Orval yekha amene ankanditchula dzina la bambo anga. Mpira unasuntha, ndinachita kuzula dzanja langa ndi mphamvu, ndipo woponya wathu anaphonya. Unatsala mpata umodzi.

Titaweramanso, dzanja langa ndinaliika pa bondo. Sindinamupatse. Ndinaona golovesi yake ikufufuza m'malere, kamodzi, kawiri. Kenaka anatembenuza mutu, ndipo mkati mwa chisoti munali maso a Lemuel, aakulu, odabwa, ngati a munthu amene wadzutsidwa pakati pa msewu. Anayang'ana bwalo, anayang'ana Treadwell, anakhazikika bwinobwino. Koma analibe womuuza za mpira. Anachedwa ndi kuphethira kumodzi kokha. Anamugwirabe Treadwell paphewa, analimbana naye masitepe atatu ndi mphamvu zake zonse, koma chilombocho chinapulumuka n'kukagwetsa woponya wathu chakumsana. Mpira unagwa, eni bwalo anautola, ndipo tinagonja.

Tili m'ndege madzulo amenewo, Kochi anaimirira n'kutiuza kuti Orval watisiya masana omwewo. Ena anafunsa nthawi yake. Ine ndinatseka makutu, ndipo mpaka lero sindinafunse.

Lolemba tinaonera kanema wa masewerowo. Kochi anabwereza mpata womalizawo kasanu ndi kawiri, ndipo aliyense anaona dzanja langa lili pa bondo. Palibe amene anandiloza chala. Ine ndinali ndi dzina, Lemuel analibe.

Lachiwiri ndinamupeza akulongedza nsapato m'thumba lapulasitiki lakuda. Ndinaima pakhomo ngati chitsiru.

"Lemuel, ndine ndinakulakwira. Ndipita kwa Kochi ndikanene."

"Musavutike, akulu, abweretsa kale wina." Anamanga thumba lija, nandiyang'ana. "Anthu akuti ndinasewera bwino kwambiri. Mayi akuti analira ndi chimwemwe. Ine sindikudziwa kanthu za zimenezo."

Anaponya thumbalo paphewa, namwetulira pang'ono.

"Koma womaliza uja ndikuukumbuka wonse. Zaka zisanu ndi chimodzi, akulu, ndipo umenewo wokha ndi umene ndinasewera ine."