Foni ya Pashelefu

Pasaluni paja panalibe amene sankadziwa nambala yotsegulira foni ya Zala. Dzinalo anachita kumupatsa makasitomala chifukwa cha kuluka kwake, mizere yowongoka ngati wayeza ndi lula. Koma manja ake ankakhala noninoni ndi mafuta a tsitsi tsiku lonse, ndiye foni ikalira pashelefu ankangokuwa: "Tandionereni, asisi! Mutsegule ndi chaka chomwe ndinabadwa!" Chakacho n'kuchitchulanso mokweza, kuposa phokoso la draya.

Lachiwiri kunabwera mayi wachilendo, wamagalasi akuda, waulemu wake. Anati adikira pamzere. Foni itanjenjemera, anaitola ndi iyeyo.

"Ndi meseji ya manambala chabe, mwina zotsatsa malonda," anatero.

"Isiyeni," anayankha Zala, chipeso chili kukamwa.

Mayiyo anakhala nayo kanthawi, akudinadina yakenso, kenako anati akukagula madzi. Mpaka lero akugulabe madziwo!

Madzulo ake Zala anapeza akaunti yake yochezera itamutulutsa. Anangoti foni yakalamba, aiona Lamlungu.

Lachisanu m'mawa analowa amake mapasa, kasitomala wake kwa zaka zisanu tsopano, osapereka ndi moni womwe. Anaponya foni ya amuna awo pampando.

"Werenga, mwana iwe. Mokweza, monga umachitira muja."

Zala anawerenga. Chithunzi chinali chake, chija anavala malaya achikasu. Dzina lake, nambala yake. Koma mawuwo, inu! "Adadi, ndakusowani, nditumizireni kenakake, mayi asadziwe." Ndi timitima tofiira pamapeto.

Draya inazimitsidwa. Eni saluni anatuluka kuseri, thaulo lili paphewa.

"Sindine, amayi," anatero Zala.

"Nanga nkhopeyi ndi ya agogo ako?"

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Zala anayang'ananso mesejiyo, misozi ikutchinga maso, ndipo anaona nthawi yake: Lachinayi, 2 koloko masana.

"Amayi, dzulo 2 koloko munali kuti?"

"Usandifunse ngati wapolisi! Ndinali..." Dzanja lawo linakwera lokha n'kugwira tsitsi latsopano lija. Dzulo anakhala pampando womwewo kuyambira 10 koloko mpaka 4, zala za Zala zili m'mutu mwawo, akudandaula kuti akukoka kwambiri.

"Ndi uja wamadzi uja," ananong'ona mnzake wometa nsidze. "Manambala aja anali olowera muakaunti yako."

Amake mapasa anakhala pansi pang'onopang'ono. "Chabwino, ine ndamva. Koma si ine ndekha, mwanawe. Akazi a adalaivala, kasitomala wako wina uja, nawonso azipeza mufoni ya amuna awo, ndipo aziponya kale pagulu la amayi. Kuli anthu oposa zana kumeneko."

Eni saluni anapinda thaulo lija kawiri. "Mawa ndi Loweruka, Zala. Anthu ako atatu aimba kale kuti sabwera. Upume kaye kunyumba, tione mmene zikhalire."

Upume kaye. Zala ankawadziwa mawu amenewo, wina anapumapo chaka chatha osabweranso. Ndipo kwinakwake nkhope yake inali ikulemberabe amuna a eni, iye ali chiimire pano.

Foni inalira pashelefu. Wometa nsidze anatambasula dzanja mwachizolowezi.

"Musaigwire!"

Zala anapukuta manja, chala chimodzichimodzi, n'kuitenga yekha. Anali akazi a adalaivala. Anaiyankha.

"Halo, amayi. Musadule chonde. Uyu ndi ine weniweni."