Nthambi Zingati

Hilda anawerenga pepalalo kachiwiri ali chiimire pa kauntala, mpaka pa mzere womaliza. Kumbuyo kwa shopu makina osindikizira anali atayatsidwa kale, akungodikira kuti iye avomere. Linali Lachinayi m'mawa ku Limbe. Bambo ake, aphunzitsi a Kambwiri, anamwalira Lachiwiri, mwambo wa maliro unali mawa, Lachisanu, ndipo chimene anagwira m'manjacho chinali mbiri ya malemu yoti isindikizidwe pa mapepala mazana atatu ndi kuwerengedwa pamaso pa mpingo wonse.

Anailemba ndi achimwene ake a Bennet, a ku banki aja, okhala m'nyumba ya mpanda ku Namiwawa. Ndiye anailembatu mwamphamvu. Mtengo waukulu wagwa. Mkango wa fuko wagona. Nyali yazima, ngalawa yakocheza. M'ndime imodzi yokha mkulu wa anthu anasanduka mtengo, chilombo, nyali ndi ngalawa, munthu woti moyo wake wonse sanakwerepo ngakhale bwato. Koma zimenezo Hilda akanangozimeza. Chinamubaya chinali kumapeto, pamalo paja mbiri iliyonse ya malemu imanena poyera kuti wasiya ana angati ndi zidzukulu zingati. Pamenepo a Bennet analemba kuti, "Mtengowu wasiya nthambi zambiri zobiriwira."

Nthambi zambiri zake ziti? Ana analipo atatu, ndipo munthu wa ku banki salephera kuwerenga mpaka atatu.

Wachitatuyo anali atakhala pa benchi pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo. Dzina lake Esnat, telala wa kuseri kwa msika, mwana amene a Kambwiri anabereka kunja kwa banja pamene ankaphunzitsa ku Mulanje. Miyezi isanu ndi itatu yomaliza, bambowo atafa ziwalo mbali imodzi, ndi Esnat amene anatseka makina ake osokera n'kusamukira kunyumba kwa bambowo ku Naperi. Ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwameta ndevu, kuchapa zofunda zimene wina aliyense ankazigwira ndi nsonga za zala. A Bennet ankabwera Lamlungu ndi botolo la juwisi, n'kuima pakhomo la chipinda ngati munthu wofunsa njira.

Mwini shopu, mayi Daksha, anasuzumira pepalalo pamwamba pa magalasi. Iwo anabadwira m'Limbe momwemo ndipo anadutsa m'manja mwa a Kambwiri ku sekondale. Anapukusa mutu n'kunena kuti aphunzitsi akanaiona mbiri imeneyi pepala lonse likanafiira. Anakumbukira cholembera chawo chofiira chija, ndi funso limodzi limene ankalemba m'mphepete mwa chimangirizo cha mwana aliyense wokonda kukometsera mawu: ukutanthauza chiyani? Akuti ankati fanizo ndi zenera loti munthu aonerepo, osati katani yobisira zimene zili m'nyumba.

Hilda sanafune kukumbutsidwa. Anakulira pansi pa cholembera chomwecho, ngakhale kalata yopempha sopo ali ku sukulu yogonera komweko inkabwerera itachongedwa. Anaimba foni n'kuuza achimwene ake kuti palibe chisindikizidwe mpaka abwere okha.

Anabweradi, galimoto ataiimika mopingasa pakhomo mpaka oitanira minibasi anayamba kuwazazira. Analowa foni ili kukhutu, tayi yakuda ili pakhosi, ndipo anamudutsa Esnat ngati mpando. Anafunsa kuti vuto n'chiyani, popeza iwo anali ndi bokosi loti akalione, abusa oti akakumane nawo, ndi alendo ochokera ku Zomba odzaza bwalo.

Hilda anawaikira chala pa mzere uja. "Nthambi zingati, achimwene?"

A Bennet anati limenelo ndi fanizo chabe, anthu ophunzira adzamva. Hilda anayankha kuti iyenso ndi wophunzira koma sanamve, ndiye amuthandize. Kodi nthambizo zili ndi mayina? Kodi mkango uja ndi umene unabala nthambi, kapena ngalawa? Hilda anadziwa kuti mtsikana wa pa makina wasiya ntchito akumvetsera, koma analibe nazo ntchito. Anawauza kuti anaunjika mitengo ndi mikango dala, kuti anthu akafike kumapeto atatopa, asazindikire kuti nambala palibe.

Pamenepo a Bennet anatsitsa mawu, ndipo akatsitsa mawu ndiye kuti akwiya zenizeni. Anafunsa Hilda ngati waiwala mayi awo. Iye anali wamng'ono, sanaone, koma iwo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene nkhani ya ku Mulanje inafika pakhomo, ndipo anawaona mayi akulira chaka chathunthu kukhitchini, atatseka pakamwa ndi chitenje kuti anansi asamve. Mayiwo anagona kumanda zaka zisanu zapitazo osanenapo kanthu pagulu. Ndiye lero iwo aime m'tchalitchi momwe mayi ankaimba kwaya, momwe bambo anali mkulu wa mpingo, n'kuwavula onse awiri ndi pakamwa pawo?

Zimenezo zinali zoona ndipo zinamupweteka Hilda. Koma mkwiyo sunamuchoke. Ananena kuti mpingo wonse unamuona Esnat akukankha bambo pa njinga ya olumala kulowa nayo m'tchalitchi Lamlungu lililonse, ndipo palibe amene ankaganiza kuti ndi wantchito. Wobisidwa yekha mawa adzakhala Esnat, atakhala kumbuyo, akumva yekha kuti iye ndi tsamba.

"Ine bambo sanandiuzepo ndi pakamwa pawo kuti uyu ndi mwana wawo," anatero a Bennet. "Sindingalembe chimene mwini wake sananene."

Bodza lawo linali lochenjera. Tsiku limene bambo anabwera ndi Esnat ku Naperi, mayi atamwalira, anangoyamba kuti uyu ndi Esnat, a Bennet n'kunyamula makiyi, kutuluka chiganizo chisanathe. Hilda anatsegula pakamwa kuti awakumbutse, koma benchi inalira kumbuyo kwawo.

Esnat anali ataimirira. Ananena motsitsa kuti asakangane chifukwa cha iye maliro ali m'nyumba, asindikize momwe zililimo, iye nthambi sizimuluma. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa Baibulo laling'ono, ndipo m'kati mwake anasololamo pepala la m'kope lopindidwa kanayi, lothetheka m'mapindiro. Anati sakufuna kuti liwerengedwe kulikonse. Angofuna achimwene alione, popeza anena kuti sanamve.

Inali kalata imene analemba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mayi ake atangomwalira ku Mulanje, kupita kwa bambo amene anali atawaonapo kawiri kokha. Poopa kunena zimene ankafuna, mwanayo anazungulira. Analemba kuti iye ndi mbalame yopanda chisa, tsamba louluzika ndi mphepo, bwato lopanda mwini. A Kambwiri anaibweza kalatayo pa positi itachongedwa. Mbalame, tsamba ndi bwato zonse anazizunguliza ndi chofiira, ndipo m'mphepete munali zilembo zawo zopendekera zija:

"Ukutanthauza chiyani? Mbalame, tsamba kapena bwato? Ukanasankha chimodzi. Koma zonse zitatu n'zabodza. Ndiwe mwana wanga. Lembanso."

M'munsi mwake, ndi bolopeni ya buluu, dzanja la mtsikana linalembanso mzere umodzi wokha: Ine ndine Esnat, mwana wanu. Pambali pake panali chizindikiro chokhoza, chofiira, cha mchira wautali wokwera m'mwamba. Esnat anati anachita kupita nalo yekha pepalalo kusukulu kumene bambo ankaphunzitsa, ndipo bambo anachonga ali chiimire pakhonde la ofesi.

Hilda analira pomwepo, kulira kwaukali, chifukwa bambo yemweyo amene analemba zomveka chonchi pa pepala anatha zaka makumi awiri akulephera kuzinena patebulo la kunyumba kwake. Anawakwiyira ali malemu, ndipo anawasowa nthawi yomweyo.

A Bennet analigwira pepalalo nthawi yaitali. Foni yawo inalira kawiri osaiyankha. Palibe amene akananena kuti mtima wawo wafewa. Anabweza kalatayo kwa Esnat osamuyang'ana kumaso, natambasula dzanja kwa mayi Daksha kupempha cholembera. Mayiwo anafufuza m'kabati, nasiya zakuda zonse, nawapatsa chofiira.

A Bennet anakoka pepala la mbiri lija, nadula nthambi zija ndi mzere umodzi wamphamvu mpaka pepala linang'ambika pang'ono. Pamwamba pake analemba kuti malemu asiya ana atatu, Bennet, Hilda ndi Esnat, ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Anayang'ana m'mwamba mwa tsambalo, nadulanso mkango, nyali ndi ngalawa. Mtengo anausiya. Anauza Hilda kuti mawa akawerenge yekha, iwo sangathe, ndipo anatuluka kukakangana ndi oitanira minibasi aja.

Mayi Daksha anafunsa ngati tsopano angasindikize. Hilda anapukuta m'maso nakankhira pepalalo kwa mng'ono wake kuti aone kaye ngati dzina lalembedwa bwino. Esnat anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, chala chikutsata mzere. Atamaliza anatola cholembera chimene a Bennet anasiya pa kauntala, ndipo m'mphepete mwa pepalalo anachonga kachizindikiro kofiira, mchira wake wautali ukukwera m'mwamba.