Giredi ya a Pensulo

Mu 1986 mgodi wina ku Bindura, m'dziko la Zimbabwe, unaitana mayi Marjory, katswiri wa za malipiro, kuchokera ku Harare kuti adzakonze malipiro a mabwana. Lamulo lawo linali limodzi: wogamula zinthu zazikulu pantchito alandire giredi yapamwamba.

A Pensulo Kaitano atamva zimenezi m'komiti ya ogwira ntchito, anaona kuti mwayi wawo wafika. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali kugogoda denga la mgodi ndi chitsulo chachitali miyala ikaphulitsidwa. Denga likalira bwino, anthu ankalowa. Likalira ngati mgolo wopanda madzi, aliyense ankabwerera. Komabe giredi yawo inali yofanana ndi ya wosesa, ndipo penshoni, imene inali itatsala zaka ziwiri, ikanatsata giredi yomweyo. Zinkawawawa, ndipo sankabisa.

Tsiku la msonkhano wa mayi Marjory, mabwana ndi komiti anavala jekete yopitira kutchalitchi, nafika zitseko zisanatsegulidwe. Manijala woyang'anira pansi pa mgodi, a Obert, munthu wa masukulu ake ndithu koma wokonda kudzimva, anawerenga pa fomu yawo zonse zimene amagamula. Atafika pa kutseka malo oopsa, a Pensulo anaimika dzanja.

"Shefu, bwana wanga, pamenepo amagamula ndani?"

"Ndine, mudhara. Ndimasaina ndine."

"Zvakanaka, zili bwino. Mayi, tiyeni mukaone ndi maso."

Mayi Marjory sanali munthu wokhulupirira pepala. Anapempha chipewa ndi nsapato zamphira, onse natsika ndi keji, chikepe cha mumgodi. A Pensulo ankayenda patsogolo ngati mkwati, akupatsa moni aliyense, ngakhale amene anakangana nawo dzulo lake. Anthu anasiya mafosholo nawatsatira.

Anafika pamalo amene anaphulitsa m'mawa womwewo. A Pensulo anatenga chitsulo chawo, nachipereka kwa a Obert ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Gogodani, shefu. Mutiuze ngati ana a anthuwa alowe."

A Obert anagogoda kamodzi. Denga linayankha. Anagogodanso, natchera khutu. Amuna khumi ndi awiri anali chiimire kumbuyo kwawo, kudikira mawu awo. A Obert akanangoti lowani, giredi yawo ikanakhala yosakhudzidwa, ndipo a Pensulo, amene anali atamva kale kulira kwa mwalawo, anakonzeka kutsekereza njira ndi thupi lawo.

Koma a Obert anatsitsa chitsulo.

"Sindikumva kanthu," anatero motsitsa mawu. "Sekuru, agogo, likuti chiyani?"

"Likuti tibwerere m'mbuyo, tonse, tsopano lino."

Anabwerera. A Pensulo anakola chitsulo mumng'alu, nakankha kamodzi. Chimwala chachikulu ngati chitseko chinagwa pamene akanaima anthu, fumbi koboo.

Fumbi litatsika, mayi Marjory anatulutsa fomu ya manijala ija, nafunsa kuti mzere wa kutseka malo oopsa ukhale pa dzina la yani. A Obert anapempha cholembera, nafufuta okha mzerewo.

"Kaitano imalembedwa ndi K," anatero a Pensulo, akusuzumira papepala, mano onse ali pamtunda.